Dzanja Mumtondo wa kwa Kuroiwa

Lucious ankamenya mkazi wake Lamlungu masana, akabwera kutchalitchi, tayi idakali m'khosi. Ankayamba watseka makatani, kenako n'kukweza nyimbo zauzimu kuti azungu a khomo loyandikana asamve. Ku South Bend konse, ku America kuja, Amalawi ankamudziwa ngati munthu waulemu: woimba besi m'kwaya, wosanyinyirika kukatenga alendo kubwalo la ndege, wogwira chigongono popereka moni. Mkazi wake yekha, Evelina, ndi amene ankadziwa kulemera kwa dzanja limenelo.

Ulendo womaliza anamumenyera kuseka. Akuti anaseka kwambiri ndi bambo woimba kiyibodi. Anamugwira tsitsi n'kumuwombetsa nkhope pachitseko cha filiji, dzino lakutsogolo n'kuthyoka, ndipo atagwa anamuponda m'nthiti ndi nsapato zakutchalitchi zomwezo. Atamaliza anasamba m'manja n'kufunsa ngati nyama yapsa.

Nkhani inafika kwa ankhoswe, a Yohane, mkulu wa mpingo amene anawaimira pa ukwati popeza abale enieni anali kutali kumudzi. A Yohane anayang'ana mlomo wotupawo, anapukusa mutu, nati banja ndi kupirira. Anawonjezanso kuti nkhani zotere zikafika kwa apolisi a kuno, munthu amathamangitsidwa m'dziko. Evelina anati wamva. Kutacha, Lucious ali kuntchito, analonga tizovala m'chikwama n'kukwera basi ya ku Indianapolis.

Mayi wina wogulitsa ufa ndi nsomba zouma ku Lafayette Square ndi amene anamupezera pothawira. Banja lina la Chijapani ku Lawrence linkafuna munthu wogona konko, wosamalira nkhalamba. Nkhalambayo anali a Kuroiwa, amene anabwera ku Indiana kalekale ndi kampani yopanga zipangizo za magalimoto. Akazi awo anamwalirira konkuno, iwo n'kudzafa ziwalo mbali imodzi. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Sachie, mayi wowonda wa mawu otsika, amene akakuponda phazi amapepesa mpaka iwe kuchita manyazi. Mumsewu wawomo munalinso mabanja ena angapo a Chijapani. Evelina anaphunzira kuvula nsapato pakhomo, kuwerama popereka moni, ndi kudya ndi timitengo. Koma sanawauze kuti ndi wapabanja. Atamufunsa za dzino, anati anagwa pamasitepe.

Cholakwa chake chinali chimodzi. Pa Khirisimasi analakalaka kuimba m'chinenero chake, ndiye anapita ku mapemphero a Amalawi ku Beech Grove. Anaimba mpaka misozi kutsika. Pobwerera, mayi busa anamupatsa lifiti mpaka pakhomo penipeni, akumufunsa mafunso ang'onoang'ono m'njira. Mayiwo sanali oipa. Anangoona kuti si bwino banja lachikhristu kulowa chaka chatsopano lili lopasuka, basi n'kuimbira a Yohane.

Kwa Ajapani, Khirisimasi imangodutsa ngati tsiku wamba, keke pang'ono basi. Koma chaka chatsopano, eee! Nyumba yonse anaikolopa kuyambira kudenga mpaka kuseri kwa filiji, kuti litsiro la chaka chakale lisawoloke nawo. Pakhomo anapachika chingwe cha udzu ndi nthambi za paini. Ndipo chaka chitatsala pang'ono kutha, anatulutsa mtondo.

Evelina atauona anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anabwera ulendo wonsewo kudzapezanso mtondo! Unali wamwala, wofika m'mawondo, wolemera moti amuna awiri anachita kuugubuduza. M'malo mwa munsi panali chinyundo cha mtengo, mutu wake ngati ntchafu ya munthu. Sachie anamufotokozera kuti amasinja mpunga womata, wophika ndi nthunzi, udakali wotentha, mpaka usanduke chinthu chimodzi chonyendera chimene amachitcha mochi. Ntchito yake imafuna anthu awiri. Mwamuna amamenya ndi chinyundo. Mnzake amagwada pafupi ndi mtondo, n'kumaviika dzanja m'madzi, ndipo chinyundo chikangokwera amalowetsa dzanjalo n'kutembenuza mpunga, n'kulichotsa chisanagwenso.

"Omenya ndi ambiri," anatero Sachie m'Chingerezi chake chodukiza. "Kwa bambo anga, mwamuna aliyense wolowa pageti tsiku limeneli amapatsidwa chinyundo, ngakhale wobweretsa makalata. Amati mlendo amabweretsa mwayi. Koma wotembenuza ndiye wosowa. Ankachita ndi amayi. Ine ndimaopa, dzanja langa limachedwa."

"Ine ndinakulira pamtondo ku Ntcheu," anatero Evelina. "Tinkasinja atatu mtondo umodzi, osagundana. Ndipatseni ntchito imeneyo."

Sachie anamuuzanso malamulo awiri. Mukayamba simulekera pakati, chifukwa mpunga ukazizira umauma gwa, n'kungotayika. Ndipo mochi wabwino kwambiri amakamuika pa kaguwa m'nyumba, patsogolo pa chithunzi cha malemu amayi.

Tsiku lake linacha kozizira kwabasi. Anatsegula chitseko cha galaji, chipale chofewa chili mbuu kunja, nthunzi ili tolotolo m'kati. Pambali panali mbaula ya gasi, poto wamkulu wamadzi akubwata, pamwamba pake atasanjikiza mabokosi amatabwa a mpunga. Anansi anabwera ndi akazi awo. A Kuroiwa anawakhazika pa njinga yawo ya olumala, bulangete m'miyendo. Amuna ankamenya mosinthana, ndipo chinyundo chikagwa gulu lonse linkakuwa kuti, "Yoisho!" Evelina, atagwada pa kapilo, chitenje m'chiuno, ankaviika dzanja, kutembenuza, kuchotsa. Viika, tembenuza, chotsa. Mtondo woyamba unali woyeserera, ana anaudya pompo. A Kuroiwa anamuyang'ana Evelina n'kugwedeza mutu kamodzi, ndipo Sachie anati umenewo ndiye ulemu waukulu, bambo ake sagwedezera mutu wina aliyense.

Anali atangokhuthulira mumtondo mpunga wa pa kaguwa pamene galimoto yakuda inaima pageti. Evelina anaizindikira asanaone nkhope za anthu ake.

Anatsika a Yohane, Baibulo kukhwapa. Anatsika Lucious, atavala suti ndi jasi yaitali, atanyamula dengu la zipatso lokulunga bwino. Anafika pakhomo pa galaji n'kuwerama. Ajapani anawerama. Iye anaweramanso, mopitirira iwowo, dzanja pachifuwa, n'kunena m'Chingerezi chosalala kuti ndi abale a Evelina a kutchalitchi, abwera kudzathokoza banja labwino limene likumusunga.

Nkhope ya Sachie inawala. "Evelina, bwanji sunandiuze kuti uli ndi alendo? Mwafika nthawi yabwino kwambiri!"

"Mwaswera bwanji, aNachisale?" anatero a Yohane, akumwetulira ngati munthu wobweretsa mphatso. "Tabwera mwamtendere. Tingokambirana pang'ono, chaka chisatithere chonchi."

Evelina anakhalabe chogwada pafupi ndi mtondo. Akanatha kuimirira pomwepo, n'kunena pamaso pa anthu onsewa kuti uyu ndi mwamuna wanga, ndiye anandithyola dzino, muchotseni. Koma akanayambira pati? Anthu ovala bwino, ana ali pomwepo, mpunga wa malemu ukutuluka nthunzi mumtondo, ndipo iye mwini anawanamiza miyezi yonseyi. Ali m'kati moganiza choncho, a Kuroiwa anakweza dzanja lawo labwino n'kuloza mlendo wamtaliyo. Mnansi wina anapereka chinyundo kwa Lucious ndi manja awiri.

Lucious anavula jasi, anapinda manja a malaya. Anachiyeza chinyundo m'manja, n'kuyang'ana mkazi wake atagwada pansi pake, ndipo anamwetulira kumwetulira kwa Lamlungu masana kuja. Mkazi wa mnansi anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, akuti zimenezi n'zosowa, Aafirika awiri pamtondo wa Chijapani.

Chinyundo chinagwa. Du!

"Yoisho!"

Evelina anaviika dzanja, anatembenuza, anachotsa.

"Wanenepatu iwe," anatero Lucious m'Chichewa, mawu ake okoma ngati akuimba. Du! "Akukudyetsa bwino Matchainawa."

"Ndi Ajapani," anatero Evelina, maso ali mumtondo.

"Oho, wayamba kundiphunzitsa?" Du! "Unandibuloka pafoni." Du! "Mpingo wonse ukundiseka." Du! "Akuti Lucious mkazi anamuthawa."

"Yoisho! Yoisho!"

Ajapani anakondwera kwambiri. Ankaganiza kuti kwawo kwa alendowa amasinja ndi mawu otere, wina kutsogolera, wina kuvomera. Ana anayamba kuwomba m'manja motsatira chinyundo.

"Tikatha apa," du! "ukatenge katundu wako," du! "ulowe m'galimoto."

"Sindipita, a Lucious."

"Wati chiyani?" Du!

"Ndati sindipita."

Chinyundo chinagwera m'mphepete mwa mtondo, kachibenthu ka mtengo n'kuthethekera m'mwamba. Anthu anaseka, wina n'kumuonetsa mlendo kuti alunjike pakati. Lucious anapepesa ndi mutu. Koma Evelina anadziwa kuti munthuyo sanaphonye. Anali atamenya pamene panali zala zake kamphindi kapitako.

"A Yohane," anatero Evelina osakweza mutu, "mukumva?"

"Lucious, modekha," anatero a Yohane chapansipansi. "Tili kwa eni."

"Ndadekha, ankhoswe." Du! "Ndikungothandiza mkazi wanga kusinja." Du! "Dzanja limeneli ndi limene ukudyera kuno, eti?" Du! "Lopukutira nkhalamba kumatako." Du! "Ndikaliphwanya akusunganso?"

"Yoisho!"

Mpunga tsopano unali utagwirana, woyera, wonyezimira, wotentha moti zala zinkawawa. Unatsala pang'ono kutha. Evelina anadziuza kuti apirire kasanu kokha, kenako aimirire athamangire m'nyumba akhome chitseko. Anachotsa dzanja, chinyundo chinagwa, chinakwera. Koma ulendo uno chinangoima m'mwamba. Lucious anachigwira pamwamba pa mutu, akumwetulira kwa ana, ngati akupumira. Evelina anadikira. Mpunga unali utapendekera mbali imodzi, ukufuna kumata pamwala. Sachie anati, "Tembenuza, Evelina, uzizira." Ndipo dzanja, lozolowera ntchito, linalowa lokha.

Phokoso lake silinali la mpunga. Linali ngati munthu waponda nkhuni zouma.

Poyamba sanamve kuwawa. Anangoona zala zitatu zitapindikira kumene zala sizipindikira, chikhadabo chimodzi chitatsalira mumpunga, magazi akuyenderera pa choyeracho ngati wina wathira utoto. Kenako ululu unabwera kuchokera m'mafupa, kukwera mkono mpaka m'mano, ndipo anamva munthu akulira ngati mbuzi yozingidwa. Anali iye mwini.

Lucious anaponya chinyundo pansi n'kugwira mutu. Anakuwa m'Chingerezi kuti Mulungu wanga, pepani, ndi ngozi, sanazolowere chida chimenechi. Anagwada, anamukumbatira. Sachie anathamanga ndi thaulo, akulira, akuwerama, akupepesa kwa Evelina, kwa alendo, kwa wina aliyense, akuti cholakwa ndi chake, ndiye anamuuza kuti atembenuze. Mnansi anati aimbe ambulansi.

"Ayi, ayi, ichedwa," anatero Lucious. "Galimoto ili apa. Ndimutengera ndekha kuchipatala. Ndine mwamuna wake."

Sachie anaima thaulo lili m'manja. "Mwamuna wake?"

"Zoona, mayi," anatero a Yohane. "Ukwati wa mutchalitchi. Ine ndinali mboni."

Sachie anayang'ana Evelina, n'kugwetsa maso mwamsanga ngati waona chinthu chimene sanayenere kuona. Kwa anthu amenewa, kulowerera za m'nyumba ya wina ndi mwano waukulu. Anathamangira m'nyumba kukatenga jasi ya Evelina ndi chikwama chake. Amuna anapatuka kupereka njira. Mmodzi anathamanga kukatsegula chitseko cha galimoto. Onse ankathandiza ndi mtima wonse kuti alowe m'galimoto imene ikanamubwezera ku South Bend.

Lucious anamugwira pamwamba pa chigongono, zala zake zikulowa m'mnofu, n'kumuimiritsa. Anaika mlomo pakhutu pake ngati akumutonthoza.

"Latsala linalo," anatero. "Tikafika kunyumba."

A Yohane anali pafupi, anamva. Anayang'ana nsapato zawo.

Evelina anaona chitseko cha galimoto chili chotsegula, mpando wakumbuyo wakuda bii. M'maganizo anaona msewu wautali wopita kumpoto, minda ya chimanga yokutidwa ndi chipale, makatani otseka. Anagwadanso pafupi ndi mtondo. Lucious anawerama kuti amudzutse. Dzanja lamanzere la Evelina linalowa m'beseni lamadzi, linatuluka, linalowa mumtondo. Anachikokolola chimpunga chonsecho, chotentha, chamagazi, akuchichirikiza ndi mkono wa dzanja lophwanyika, n'kumuphwatika nacho mwamuna wake kumaso ndi mphamvu zake zonse.

Amene sanagwirepo mochi wotentha sangadziwe. Si phala loti upukute. Amamata ngati ulimbo, ndipo amawotcha pamene wamatapo. Anamutseka maso, mphuno ndi pakamwa nthawi imodzi. Lucious anafuna kukuwa, mawu sanatuluke. Anakoka ndi manja awiri, chinthucho chinangotanuka n'kumatanso m'zala. Anabwerera chambuyo ali dzandidzandi, anagunda mbaula, poto uja n'kupendeka, madzi obwata khuthu m'miyendo mwake. Pamenepo anang'amba bowo pakamwa, ndipo kukuwa kwake kunamveka mpaka kumapeto kwa msewu.

Amayi anakokera ana kunja. Amuna anangoima kakasi, osadziwa kuti agwire ndani.

Lucious, diso limodzi lokha likuona, anakwawa pa simenti yonyowa n'kumugwira Evelina mwendo. Anamugwetsa chagada, mutu n'kugunda pansi. Anamukwera pachifuwa, manja omata mpunga pakhosi.

"Ndikupha, hule iwe! Lero lomwe ndikupha!"

Evelina anaona denga la galaji likuda. Anapapasa pansi ndi dzanja lamanzere, anapeza mpini wa chinyundo, koma chinali cholemera, anangochikweza pang'ono n'kumugunda nacho m'nthiti. Manja sanamasuke. Ndiye panamveka phokoso la thabwa likusweka. Anali Sachie. Anali atataya jasi ndi chikwama, n'kutola bokosi la mpunga, n'kumumenya nalo Lucious pamutu. Anamenyanso, akukuwa mawu a kwawo amene ngakhale bambo ake anali asanawamvepo m'kamwa mwake. Apo m'pamene amuna aja anadzidzimuka. Anamugwera onse, wina pakhosi, wina pamsana, wina m'miyendo yopsa ija, mpaka anamupanikiza chafufumimba pa simenti.

Apolisi anafika limodzi ndi ambulansi. Anapeza anthu awiri ovulala, magazi, mpunga ndi madzi pena paliponse, ndi nkhalamba ili pa njinga. Wamkulu wawo anali mayi wachizungu wonenepa, wa nkhope yotopa. Anafunsa kuti zayamba bwanji.

Ajapani sanama. Anafotokoza zimene anaona. Bamboyo anavulaza mkazi wake mwangozi, anapepesa, ankafuna kumutengera kuchipatala, ndipo mkaziyo mwadzidzidzi anamuwotcha kumaso. Za kukanyanga pakhosi zinabwera pambuyo. Lucious, ali pa machira, nkhope ili matuza okhaokha, anavomereza ndi mawu ofooka. Anati mkazi wake mutu sumuyenda bwino, n'chifukwa chake anathawa kunyumba, koma iye amamukonda, sakufuna kuti amangidwe.

Wapolisi uja anatembenukira kwa Evelina, amene anakhala pansi atatsamira khoma, wachipatala akumanga dzanja. Anamuuza kuti akachoka kuchipatala adzafunika kuyankha mlandu.

"Sinali ngozi," anatero Evelina. Mawu ankatuluka mokwekwerezeka chifukwa cha khosi. "Ananena asanamenye. Ananena kuti aliphwanya."

"Anamva ndani?"

"Onsewa anamva."

Ajapani anayang'anana. Mkazi wa mnansi uja anatulutsa foni yake mwamantha, nati zonse zili umu, koma ndi mawu a kwawo kwa alendowa, iwo ankangoti ndi nyimbo. Wapolisi anafunsa ngati pali wina amene amamva chinenerocho. Maso onse anapita kwa a Yohane, amene anali ataima pakona, Baibulo atalifungatira ndi manja awiri.

"Ine sindinamvetsetse bwino," anatero a Yohane m'Chingerezi. "Panali phokoso."

"Ankhoswe," anatero Evelina m'Chichewa.

"ANachisale, taganizani bwino. Mukufuna mnzathu amudipote? Akafika kumudzi anthu akati chiyani? Akati Yohane anagulitsa mwana wa eni kwa azungu. Izi ndi zoti tikakambirane patokha."

"Patokha tinakambirana kale. Munati ndipirire."

"Ndiye ndikuti..."

"Dzanja ili mukuliona? Ayi, musayang'ane kumbali, liyang'aneni. Munabwera naye ndinu. Munamuimika pamwamba panga ndinu. Mawu ali mufonimo, a Yohane. Mukakana, apita nawo ku Lafayette, mwana aliyense wa Mmalawi akawamasulira. Ndiye akadzafunsa kuti mkulu wa mpingo amene anali pomwepo anali wogontha kodi, mudzayankha nokha."

A Yohane anapukuta thukuta, kunja kukuzizira choncho. Wapolisi anatenga foni, anaikweza mawu, n'kuiika pamwamba pa mtondo. Ankaimitsa pa mawu alionse n'kuyang'ana a Yohane.

"Akuti wanenepa," anatero a Yohane.

Du! Yoisho!

"Akuti... akuti akatenge katundu alowe m'galimoto. Mayiwa akuti sapita."

Du! Yoisho!

A Yohane anayang'ana kumbali. Wapolisi anabwezanso pomwepo.

"Akufunsa ngati dzanjalo ndi limene akudyera kuno." Anafinya Baibulo pachifuwa. "Akuti akaliphwanya, kodi amusunganso."

Mufoni muja, gulu lonse linakuwa mokondwa kuti, "Yoisho!" ana akuwomba m'manja. M'galaji munalibe amene anakweza mutu. Mnansi amene anapereka chinyundo uja anatuluka panja n'kukasanza pa chipale. A Kuroiwa analankhula mawu ochepa, pakamwa pawo popotoka, ndipo Sachie anagwada pa simenti yonyowayo patsogolo pa Evelina, n'kugunditsa chipumi pansi, osadzuka mpaka wachipatala anachita kumupempha kuti apatuke.

Apolisi anamumangirira Lucious unyolo ku machira. Pomukweza m'galimoto anafuna kunena kanthu kwa a Yohane, koma milomo inali itatupa kwambiri.

Chaka chatsopano chinamupeza Evelina ali ndi tizitsulo m'zala ziwiri. Chachitatu madokotala anachidula. Anatuluka m'chipatala m'mawa wa tsiku loyamba la chaka, Sachie n'kukamutenga. Kunyumba kunali zii. Tsiku limeneli Ajapani sasesa, sakangana, sagwira ntchito. Pa kaguwa ka malemu panali mochi wogula m'sitolo, wouma, wokutidwa ndi pulasitiki. Evelina atamuona anayamba kupepesa, koma a Kuroiwa anamenya patebulo ndi dzanja lawo labwino kuti akhale pansi adye. Anamupatsa msuzi wotentha ndi supuni, popeza timitengo ndi dzanja lamanzere zinali zosatheka. Sachie anati msuweni wake azithandiza kunyamula bambo mpaka dzanja lipole, ndipo chipinda ndi cha Evelina, asaganize zopita kwina.

Foni ya Evelina inkangolira. Amayi a mpingo, ena kumulimbikitsa, ambiri kumufunsa ngati sakanatha kuzithetsa mwa Chimalawi. Anaizimitsa.

Dzuwa litakwera, belu la pakhomo linalira. Anali a Yohane, okha, atavala suti yomwe ija, yamakwinya. Pansi pa masitepe panali matumba akuda apulasitiki ndi sutikesi yakale. Anali atapita ku South Bend n'kubweranso, kukatenga katundu wake yense. Sachie anaima kumbuyo kwa Evelina, osawerama, osawaitanira m'nyumba.

"Chaka chabwino, aNachisale."

"Chaka chabwino, ankhoswe."

"Ndabweretsa zanu. Ndinaona kuti... simubweranso kumene kuja."

"Mwaona bwino."

A Yohane anayang'ana bandeji, n'kuyang'ana kumsewu. "Akuti mlandu ulowa m'khoti mwezi uno. Andiitana kukhala mboni. Mpingo wagawanika pakati, ena sakundipatsanso moni." Anatembenuza chipewa m'manja. "Amalume anu aimba kuchokera ku Ntcheu. Akwawo kwa Lucious aimbanso. Onse akufuna kumva kwa ine ngati nkhoswe. Ndiye ndimati ndikufunseni, ndikawauze chiyani?"

Evelina anatsika sitepe imodzi, anatola thumba limodzi ndi dzanja lamanzere n'kulilowetsa m'nyumba. Anabwerera kudzatenga lina.

"Mukawauze zimene munamva," anatero. "Mawu ndi mawu, ngati mmene munawauzira apolisi."